Momwe mungaphunzitsire kasamalidwe ka chitetezo cha deta ku yunivesite

Ophunzira ambiri amene amalembetsa phunziro limeneli amabwera akuganiza kuti adzaphunzira kuthyola makompyuta a eni. Ena amafika tsiku loyamba ali ndi Kali Linux, pulogalamu yodzaza zida zothyolera makompyuta, pa fulashi, makutu ali tcheru, kudikira kuti muwaonetse kalowedwe ka mu WiFi ya ku hosteli. Mukangowauza kuti semesita yonse tikhala tikulemba mndandanda wa katundu, kuyeza ziopsezo ndi kukangana za amene ayenera kusunga kiyi wa chipinda cha seva, nkhope zimagwa. Musade nazo nkhawa. Kuthyola kuli ndi phunziro lake. Lino ndi la kayendetsedwe: ndani akusankha choyenera kutetezedwa, pa ndalama zingati, ndipo zikavuta akayankhe ndani. Ndalemba mmene ine ndimayendetsera semesita imodzi, makamaka kwa inu anzanga amene mwapatsidwa kalasi imeneyi koyamba.

Sabata yoyamba: yambirani pa foni ya m'thumba

Musayatse projekita. Uzani aliyense atulutse foni yake aiike padesiki, kenako munene kuti: tiyerekeze foni imeneyi mwaiiwala m'minibasi ya ku Limbe, ndipo kondakitala akulumbira kuti sanaione. Aliyense alembe zinthu zisanu zimene zikumuwawa mtima. Mudzaona kuti mtengo wa foni sutchulidwa koyambirira. Amatchula zithunzi, macheza a pa WhatsApp amene sakufuna kuti wina awerenge, ndalama za mu Mpamba kapena Airtel Money, asainimenti yopereka Lachisanu, manambala a abale akumudzi.

Mayankhowo alembeni pabolodi m'magulu atatu, koma maguluwo musawapatse mayina kaye. Gulu loyamba ndi mantha akuti wina aona zosayenera kuona. Lachiwiri ndi mantha akuti wina asintha zinthu kapena alankhula m'dzina lawo, monga kutumizira amalume uthenga wopempha ndalama ya chipatala. Lachitatu ndi kungosowa chinthu pa nthawi imene chikufunika. Akagwirizana nanu kuti madandaulo onse akwana m'magulu atatuwa, m'pamene muwauze kuti mabuku amawatchula kuti confidentiality (chinsinsi), integrity (kusasinthidwa) ndi availability (kupezeka). Akawapeza okha chonchi saiwala.

Tsiku lomwelo nenani momveka kuti deta si za mukompyuta zokha. Fayilo ya mapepala ku registry ndi deta. Buku la kalondolondo wa ndalama ndi deta. Ngakhale zimene zili m'mutu mwa kalaliki mmodzi yekha amene amadziwa kayendetsedwe ka malipiro, nazonso n'zofunika kutetezedwa, chifukwa tsiku limene iyeyo wapita kumaliro ntchito imaima.

Sabata yachiwiri: nkhani zakwathu zikhale patsogolo

Mabuku ambiri amadzaza zitsanzo za makampani a ku America amene ophunzira athu sanawamvepo. Ife tili ndi zathu, ndipo n'zolemera.

Pa integrity palibe chitsanzo choposa Cashgate. Nkhaniyi inaphulika mu Sepitembala 2013. Ndalama za boma zinkalipiridwa kudzera mu IFMIS, makina a kompyuta oyendetsera ndalama za boma, kupita kwa makampani amene sanagulitse kanthu ku boma, ndipo cheke chikatuluka, zolembedwa za malipirowo zinkafufutidwa m'makina. Kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly anapeza kuti pa miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2013, ndalama zoposa K13 biliyoni zinalowa m'madzi. Afunseni ophunzira: kodi apa panafunika katswiri wa kunja wothyola makina? Ayi. Anali anthu amkati, okhala ndi chilolezo cholowa. Ndiye afunseninso: n'chifukwa chiyani makina analola kuti malipiro ofufutidwa asasiye phazi loti wina alione msanga? Ndani ankayenera kuyerekeza zotuluka ku banki ndi zolembedwa m'makina, ndipo kangati pamwezi? Mafunso amenewa asiyeni pabolodi semesita yonse, mudzabwererako kangapo.

Pa availability tengani nkhani ya mapasipoti. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo, ndipo mu Febuluwale Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a ku Immigration analowereredwa ndi anthu amene ankafuna dipo, koma boma silidzalipira. M'kalasi simulephera kukhala wina amene mbale wake anataya mwayi wa ntchito kapena wa sukulu kunja chifukwa cha zimenezi. Mulekeni afotokoze. Kenako onjezani Kapichira: mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi amenewa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kunakula kwa nthawi yaitali. Palibe wakuba aliyense apa, koma seva yopanda magetsi ndi chimodzimodzi seva yobedwa kwa munthu amene waima pa mzere. Ophunzira amene anabwera ndi maganizo akuti mdani ndi mnyamata wovala chipewa chakuda m'chipinda cha mdima amayamba kusintha pamenepa.

Masabata otsatira: gulu lililonse likhale ndi bungwe lake

Agaweni anayianayi kapena asanuasanu. Gulu lililonse lisankhe bungwe laling'ono limene lingathe kulimvetsa lonse: SACCO, kachipatala ka pulaiveti, sukulu ya sekondale, shopu ya mankhwala, ofesi ya dipatimenti yanu yomwe. Banki yaikulu musalole, amangolota. Ngati apita kukacheza ndi bungwe lenileni, anyamule kalata yochokera kwa inu, ndipo abwane a bungwelo avomereze molemba zimene ophunzira aloledwa kuona. Auzeni poyera kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa m'makina a wina popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo mawu akuti "timangoyesa za kusukulu" sadzawapulumutsa kupolisi. Ntchito yawo ndi kuona, kufunsa ndi kulemba. Kiyibodi ya eni asaigwire.

Ntchito yoyamba ndi mndandanda wa katundu wa deta. Pa chinthu chilichonse alembe kuti n'chiyani, chili kuti, amachigwiritsa ntchito ndani, ndipo mwini wake ndani. Danga lomalizali ndi limene limavuta. Ophunzira amathamangira kulemba "a IT" paliponse. Bwezani pepalalo. Mwini wa magiredi a mayeso si mnyamata wa IT, ndi registrar. Mwini wa mndandanda wa malipiro ndi mkulu wa zachuma. A IT amangosunga, monga mlonda amasungira nyumba imene si yake. Amene ayenera kunena kuti uyu aone, uyu asaone, ndi mwini.

Gulu lina chaka china linabwera ndi mndandanda wa makompyuta asanu ndi atatu, lokondwa kuti lamaliza. Nditawafunsa kumene kalaliki amasunga mafomu a mamembala atsopano, anayang'anizana. Atabwererako anapeza makatoni a mafomu, okhala ndi mafotokope a ziphaso za unzika, ataunjikidwa m'kachipinda kosakhoma momwe amasungiramo mopu ndi ndowa. Pansi pa kiyibodi ya akauntanti panalinso kapepala kachikasu kolembapo pasiwedi. Zimenezi sanazione ulendo woyamba chifukwa ankangowerenga makina.

Kuyeza chiopsezo: apa musafulumire

Ngati pali gawo loti mutayirepo masabata atatu, ndi lino. Mawu atatu amawasokoneza: threat (choopseza), vulnerability (chofooka) ndi risk (chiopsezo). Ine ndimatenga nkhokwe. Khoswe ndiye choopseza, ndipo alipo kaya mufune kaya musafune. Bowo la pansi pa nkhokwe ndiye chofooka, ndipo ndi lanu, mutha kulitseka. Chiopsezo ndi funso lakuti: poti khoswe alipo ndipo bowo lilipo, mwayi woti alowe ndi waukulu bwanji, ndipo akalowa titaya matumba angati? Khoswe popanda bowo si nkhani. Bowo kumene kulibe khoswe nalonso lingadikire.

Kenako atenge mndandanda wawo uja, pa katundu aliyense alembe chimene chingachitike m'chiganizo chathunthu. "Vairasi" si chiganizo. "Kalaliki alowetsa fulashi yochokera ku internet cafe mu kompyuta ya malipiro imene ilibe antivairasi, mafayilo a malipiro n'kuwonongeka sabata ya kumapeto kwa mwezi" ndiye chiganizo. Chilichonse achipatse manambala awiri, kuyambira 1 mpaka 5: mwayi woti chichitike, ndi kukula kwa chiwonongeko. Achulukitse. Chapamwamba kwambiri chidzakhala 25.

Manambalawa si sayansi, ndipo auzeni zimenezo. Phindu lake ndi mkangano umene amabweretsa. Wina akati 2, mnzake akati 5, afunseni aliyense atchule chimene waona ku bungweko chomupangitsa kutero. Ndi bwinonso kuti gulu ligwirizane tanthauzo la manambala lisanayambe: kodi 5 pa chiwonongeko ndi kutseka ofesi tsiku limodzi kapena mwezi? Ndi kutaya K500,000 kapena K50 miliyoni? Kwa SACCO ya aphunzitsi ndi kwa kampani ya mafoni yankho silingafanane.

Akasanja ziopsezo kuyambira chachikulu, aphunzitseni kuti njira zochitira nazo zilipo zinayi: kuchichepetsa poika chitetezo, kuchipewa posiya ntchito imene ikuchibweretsa, kugawana ndi wina monga inshulansi kapena kampani yosunga deta, ndi kungochivomera. Yomalizayi imawadabwitsa. Amaona ngati kuvomera chiopsezo ndi ulesi. Apatseni bajeti yongoyerekeza, mwachitsanzo K3 miliyoni pachaka, muwauze kuti ateteze zonse makumi awiri zimene alemba. Sipatenga mphindi khumi asanazindikire kuti jenereta yokha yameza ndalama yonse. Kuvomera ndi kololedwa, bola amene wavomera akhale mkulu wokhala ndi mphamvu, alembe chifukwa chake, asaine, ndipo paikidwe tsiku lodzaunikanso.

Tsopano bweretsani miyezo

Aphunzitsi ambiri amayamba ndi ISO/IEC 27001, muyezo wa padziko lonse wa kasamalidwe ka chitetezo cha deta, sabata yoyamba, ophunzira n'kuloweza mitu ngati katekisimu. Ine ndimadikira mpaka pakati pa semesita, atavutika kale ndi mafunso amene muyezowu umayankha. Mbiri yake ndi yaifupi: unatuluka mu 2005 kuchokera ku muyezo wa ku Britain wotchedwa BS 7799, unakonzedwanso mu 2013, kenako mu 2022. Mtima wake ndi wakuti bungwe likhale ndi dongosolo lozungulira: kukonza, kuchita, kuunika, kuwongolera, n'kuyambiranso.

Annex A, gawo la kumapeto kwa muyezo wa 2022, ili ndi njira zotetezera 93 m'magulu anayi: 37 za kayendetsedwe ka bungwe, 8 za anthu, 14 za malo ndi nyumba, 34 za makina. Auzeni awerengetse okha. Adzapeza kuti 59 mwa 93 si za makina. Wa Kali Linux uja amakhala chete pang'ono. Gulu lililonse lidutse mndandandawo, pa njira iliyonse linene ngati ikukhudza bungwe lawo kapena ayi, ndi chifukwa chake, molumikiza ndi chiopsezo chimene analemba kale. Chikalata chimenechi ndi chimene ma auditor amachitcha Statement of Applicability.

Muyezo wa ISO ndi wogula, ndipo ndi vuto la ndalama zakunja si laibulale iliyonse ingakhale nawo. NIST Cybersecurity Framework, yochokera ku NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo, ndi yaulere pa intaneti. Inayamba mu 2014 ndi ntchito zisanu, Identify, Protect, Detect, Respond ndi Recover, ndipo mu Febuluwale 2024 anawonjezerapo yachisanu ndi chimodzi, Govern. Ola limodzi likwana kuti aone kufanana kwake.

Anthu, maudindo ndi ndondomeko ya tsamba limodzi

Bwererani ku mafunso a Cashgate aja. Apa m'pamene mumaphunzitsa kugawa maudindo: wolemba malipiro asakhale wovomereza, wovomereza asakhale wotha kufufuta, ndipo woyerekeza mabuku akhale wina. Onjezani mfundo yakuti munthu apatsidwe chilolezo chokwanira ntchito yake basi. Afunseni kuti ku bungwe lawo munthu akasiya ntchito kapena akasamutsidwa, akaunti yake amatseka ndani, ndipo pakapita masiku angati. Kawirikawiri palibe amene akudziwa.

Za kunamizidwa simufunika kufotokoza zambiri. Aliyense analandirapo uthenga uja wakuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", kapena foni ya munthu wodzitcha wa ku kampani ya mafoni wofuna nambala yachinsinsi. Auzeni abweretse mauthenga otere amene ali m'mafoni mwawo, afufute manambala, ndipo kalasi iwang'ambe: wakuba akugwiritsa ntchito chiyani apa, changu, mantha, dyera kapena ulemu kwa akuluakulu? Chomalizachi n'chathu kwambiri. Kalaliki wamng'ono akalandira uthenga wooneka ngati wachokera kwa bwana, kufunsa kawiri amakuona ngati mwano. Ndondomeko yabwino imamuchotsera mtolo umenewo: imalamula kuti malipiro aliwonse opemphedwa pa foni kapena pa imelo atsimikizidwe poimba nambala yodziwika kale, kaya wapempha ndi ndani.

Pa mapasiwedi musaphunzitse zakale. Kuyambira 2017 malangizo a NIST amati kukakamiza anthu kusintha pasiwedi pakapita nthawi iliyonse popanda chifukwa sikuthandiza, ndipo kutalika kwa pasiwedi n'kofunika kuposa kusakaniza zizindikiro. Kapepala kachikasu kaja ndi mwana wa malamulo ovuta kuwasunga. Chowonjezera chenicheni ndi chitsimikizo chachiwiri, monga nambala yobwera pa foni.

Ntchito ya gawo lino ndi kulemba ndondomeko ya tsamba limodzi, m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Akaipereka, ipatseni munthu amene sanaphunzire za makompyuta, mesenjala kapena mayi wosesa, awerenge ndi kunena chimene akuyenera kuchita Lolemba m'mawa. Akalephera, walephera ndi wolemba. Amene akopera masamba makumi atatu pa intaneti, okamba za nthambi za ku London zimene SACCO yawo ilibe, abwezereni.

Tsiku la ngozi

Chakumapeto kwa semesita konzani sewero la maola awiri. Musanayambe, afotokozereni nkhani ziwiri.

Yoyamba ndi ya Bangladesh Bank, banki yaikulu ya dziko la Bangladesh, mu Febuluwale 2016. Akuba anatumiza malamulo abodza kudzera pa SWIFT, njira imene mabanki amatumizirana malamulo a malipiro, ofuna kutulutsa pafupifupi madola biliyoni imodzi ku akaunti ya bankiyo ku Federal Reserve Bank of New York. Ambiri anaimitsidwa, ndipo madola 20 miliyoni opita ku Sri Lanka anagwidwa chifukwa akubawo analakwitsa kalembedwe ka liwu limodzi. Koma madola 81 miliyoni anafika ku Philippines. Chophunzitsa kwambiri ndi nthawi imene anasankha. Anayamba Lachinayi usiku, pomwe Lachisanu ndi tsiku lopuma ku Bangladesh. Pulinta imene inkasindikiza malipoti a SWIFT inali itasokonezedwa, ogwira ntchito n'kumaona ngati yangowonongeka monga mwa masiku onse. Pamene ankazindikira, ku New York kunali kumapeto kwa sabata, ndipo Lolemba ku Manila kunali tchuthi cha chaka chatsopano cha Chitchaina. Afunseni ophunzira: ku bungwe lanu, pulinta ikafa Lachisanu madzulo tchuthi cha Pasaka chili pakhomo, ndani angaganize kuti mwina si pulinta chabe?

Yachiwiri ndi vairasi yofuna dipo ya WannaCry ya pa 12 Meyi 2017, imene inatseka makompyuta m'mayiko ambiri ndipo ku England inachititsa kuti maulendo a odwala okaonana ndi madokotala pafupifupi 19,000 alephereke m'zipatala za boma za NHS. Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka bowo limene vairasiyo inalowera mu Malichi chaka chomwecho. Chinasowa ndi dongosolo loonetsetsa kuti chigambacho chaikidwa.

Tsopano sewero. Gawani maudindo: mkulu wa bungwe, wa zachuma, wa IT, wolankhulira bungwe, loya. Inu mukhale wobweretsa mauthenga oipa pa timapepala, mphindi khumi zilizonse. Kapepala koyamba: ndi pa 27, malipiro atuluke mawa, ndipo kompyuta ya akauntanti yalemba kuti mafayilo onse atsekedwa. Kachiwiri: mkulu wa IT ali kumaliro ku Mzimba, foni sikugwira. Kachitatu: mtolankhani waimba. Kachinayi: bakapu, kope losungira la mafayilo, ilipo, koma inali pa hard drive yolumikizidwa ku kompyuta yomweyo, nayo yatsekedwa. Musawathandize. Lembani amene walankhula ndi ndani, amene waiwala kulemba nthawi ya zochitika, amene walamula kuti kompyuta ifufutidwe umboni usanatengedwe.

Sewero likatha, lamulo la 3-2-1 limalowa lokha: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi ofesi. Ndipo sabata yotsatira ku labu gulu lililonse libweze fayilo kuchokera pa bakapu limene lapanga, inu mukuwerenga mphindi. Ine ndinaphunzira izi mowawa pa ofesi ina imene ndinagwirako ntchito ndisanayambe kuphunzitsa: tinkapanga bakapu mokhulupirika Lachisanu lililonse, koma tsiku limene tinaifuna tinapeza kuti kwa miyezi ingapo tinkakopera foda yopanda kanthu.

Malamulo ndi kachongedwe

Sabata imodzi ipite ku malamulo. Kuwonjezera pa lamulo la 2016 lija, awerengetseni Data Protection Act ya 2024, imene inapatsa MACRA udindo woyang'anira chitetezo cha deta ya anthu. Musawerenge ndime ndi ndime. Atenge makatoni a mafomu aja a m'chipinda cha mopu, afufuze okha zimene lamulo likunena pa bungwe losunga zinthu zotere: linatenga chifukwa chiyani, lisunga mpaka liti, ndipo zikatayika liuze ndani.

Pa kachongedwe, ngati malamulo a yunivesite yanu alola, theka la malikisi lichokere ku fayilo ya gulu: mndandanda wa katundu, kaundula wa ziopsezo, Statement of Applicability, ndondomeko ya tsamba limodzi ndi lipoti la sewero. Kuti ena asakwere pamsana pa anzawo, tsiku lofotokoza musankhe nokha woyankha funso lililonse. Ine ndimaitananso mnzanga wa ku dipatimenti ya akaunti kuti akhale ngati mkulu wa bungwe. Gulu limapatsidwa mphindi zisanu zomupempha ndalama zotetezera ziopsezo zitatu zapamwamba, ndipo iye ndimamuuza kuti akangomva liwu limene sakulidziwa, kaya firewall kaya encryption, awadule ndi kufunsa kuti chimenecho chimupulumutsira ndalama zingati.

Pa mayeso olemba pewani funso lakuti "tchulani magulu anayi a Annex A". M'malo mwake lembani ndime imodzi yofotokoza kachipatala kokhala ndi kompyuta ziwiri, akaunti imodzi imene anamwino onse amagwiritsa ntchito, ndi kabati ya mafayilo imene kiyi wake amakhala pamwamba pa kabati pomwepo. Apatseni K1 miliyoni ndi mphindi makumi anayi, anene zitatu zimene angayambe nazo, ndi chimodzi chimene angachisiye dala, ndi amene ayenera kusainira kuti chasiyidwa.